Masiku asanu m'mphepete mwa mtsinje wa Vaal

Lachinayi usiku, Rosettenville

Tchuthi changa chayamba madzulo ano, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Joni sindikupita kumudzi. Zaka zonsezi tchuthi chakhala chikutanthauza chinthu chimodzi, kukwera basi ya ku Blantyre nditasenza katundu wa abale, kuchezera pamzere pa Beitbridge, kudutsa pa Tete thukuta lili kamukamu, kenako kubwerera kuno m'thumba muli mbee. Chaka chino mayi anandiuza pafoni kuti ndalama ya basi ndiwatumizire agulire feteleza, ineyo ndidzabwere pa Pasaka. Ndatumiza, ndipo ndi zotsalazo ndaganiza zopita ku Parys, tauni ya m'chigawo cha Free State yomwe ili m'mphepete mwa mtsinje wa Vaal, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera kuno.

Dzina la tauniyi ndalimva kambirimbiri kuntchito. Ndimaperekera zakudya m'lesitilanti ina kumpoto kwa mzinda uno, ndipo Lolemba lililonse sipalephera kukhala tebulo la anthu opsa nkhope ndi dzuwa amene akusimbirana za ku Parys, za mabwato, za mowa ndi za mnzawo amene anagwera m'madzi. Ine ndimachotsa mbale ndikumvetsera.

Alamu anga, amuna a chemwali anga, amene ndimakhala nawo nyumba imodzi, anaseka mpaka kutsokomola nditawauza za ulendowu. Anati, "Alamu, munthu wobadwira ku Liwonde, mwakula mukusamba mu Shire ulere, lero mukalipire ndalama kuti mukaone madzi?" Atatha kuseka anafunsa kuti tinyamuka nthawi yanji, popeza nawonso ntchito yawo yopenta nyumba yaima kaye sabata ino. Chikwama chakumsana ndachigula pa kaunjika m'tauni. Pochiyesa pagalasi ndakumbukira azungu amene tinkawaona tili ana akutsika basi pa Liwonde ndi zikwama zoterezi, ena akulowera ku Mangochi ndi ku Cape Maclear, ife n'kumawamvera chisoni poganiza kuti kwawo anawathamangitsa. M'chikwamamo ndaikamo zovala, pasipoti, ufa pang'ono ndi matemba amene anabwera ndi munthu wina mwezi watha.

Lachisanu, Parys

Tinanyamuka m'mamawa ndipo tinasintha takisi ku Vereeniging, kumene tinadikira nthawi yaitali kuti yachiwiriyo idzaze. Titangotuluka m'tauni imeneyo tinaoloka Vaal koyamba, koma ndinangoona madzi otuwa kwa kanthawi kochepa pakati pa mitu ya anthu, kenako kunayamba michumuni ya mafakitale a ku Sasolburg, kumene kampani ya Sasol inayambira kupanga mafuta kuchokera ku malasha m'zaka za m'ma 1950. Kupitirira pamenepo ndi minda ya chimanga yotambalala mpaka kumene maso alekeza, yopanda ndi munthu mmodzi yemwe wogwira khasu. Alamu anayang'ana kwa nthawi ndithu, kenako anati munda umodzi wokha ungadyetse mudzi wathu wonse ndi maliro omwe.

Parys ndi kamtauni kakang'ono, ndipo pafupifupi zonse zimene alendo amabwerera zili mumsewu umodzi wotchedwa Breë, dzina lomwelija la msewu wa matakisi ku Joni umene masiku ano ukutchedwa Lilian Ngoyi. Kufanana kwake kuthera pa dzinapo. Kuno kulibe wokankha mnzake, kuli malo omwera khofi, mashopu a zithunzi ndi a zinthu zakale, ndiponso tinsanja tachitsulo totsanzira nsanja yotchuka ija ya ku Paris. Tauniyi inayamba mu 1876, ndipo amati dzinali linaperekedwa ndi Mjeremani wina woyeza malo, Schilbach, amene anamenya nawo nkhondo yozinga mzinda wa Paris ndipo ataona mtsinje uno ndi tizilumba take anakumbukira mtsinje wa Seine. Sindinafikeko ku France, koma ndikuganiza kuti bamboyo anali atapukwa kwawo kwambiri.

Mashopu a zinthu zakale ndiwo anatichedwetsa. Tinalowa m'shopu ina mongofuna mthunzi, koma m'katimo tinapezamo nyumba ya mayi anga yonse yathunthu: nsimbi ya makala, makina osokera a Singer opalasa ndi phazi, nyali ya galasi ya palafini, mbale zachitsulo zoyera zam'mphepete mobiriwira, ngakhale mphika wa miyendo itatu. Chilichonse chinali ndi kapepala ka mtengo, ndipo mtengo wa nsimbiyo unaposa ndalama imene tonse awiri talipira kuchokera ku Joni. Mayi wina anaitenga m'manja n'kumafunsa mwamuna wake kuti makala amalowera pati. Ndinatsala pang'ono kumuonetsa, ndi kumuuzanso kuti ukapanda kuuzira phulusa malaya oyera amatuluka ndi madontho, koma ndinadzigwira. Alamu anandinong'oneza kuti ulendo wotsatira wa kumudzi tisadzabwereko ndi matemba.

Malo amene tikugona ndi a alendo oyenda ndi zikwama zakumsana, nyumba yakale yokhala ndi bwalo lofika mpaka kumtsinje. M'chipinda chathu muli mabedi osanjikiza okwana anthu asanu ndi atatu. Tapezamo atsikana awiri a ku Germany amene akuzungulira dziko lino, ndipo madzulo mwalowa anyamata anayi ophunzira ku yunivesite ya ku Potchefstroom. Atsikanawo anatifunsa ngati kugona m'chipinda chimodzi ndi anthu osawadziwa sikutivuta, ndipo alamu anayankha mwaulemu kuti ayi, osawauza kuti chaka chawo choyamba ku Joni ankagona anthu asanu ndi awiri m'chipinda chocheperapo kuposa ichi, popanda ndi bedi lomwe.

Khitchini ndi ya onse. Titayamba kukazinga matemba, anthu amene ankaphika pasitala pambali pathu anatsegula mazenera onse mosanena kanthu. Mmodzi mwa atsikana aja analawa, nati ndi zokoma, ndipo anamwa madzi makapu awiri.

Pofika cha m'ma 6 koloko tauni imene tinaipeza ikuodzera masana inali itasinthiratu. Magalimoto a manambala a GP, a chigawo cha Gauteng kumene kuli Joni, anayamba kulowa motsatizana, ena atakoka mabwato, ena atasenza njinga padenga, ndipo utsi wa nyama yootcha unakwera m'mabwalo onse a m'mphepete mwa mtsinje. Pamene ndikulemba pano, nyimbo zikuchokera mbali zitatu zosiyana, ndipo achule akuyesetsa kuti nawonso amveke.

Loweruka, Parys

Lero tinalowa mumtsinje, ndipo ndiyambe ndi kuvomera kuti alamu ndi ine, ana a m'mphepete mwa Shire, ndife okha amene tinagubuduka kawiri pagulu la anthu oposa makumi awiri.

Mabwato ake ndi a mphira, opopa ndi mpweya, okwera anthu awiri, ndipo eni ake amawatchula ndi dzina lachingerezi lotanthauza ng'ona. Ndinafunsa wotitsogolera, mnyamata wolankhula Chisotho, ngati ng'ona zenizeni zilimo, ndipo anati kuno kulibe ng'ona chifukwa nyengo yachisanu madzi amazizira kwambiri. Ndinamukhulupirira, komabe thupi langa silinamve, moti nthawi yonseyi maso anga ankangoyang'ana m'mabango ndi pa chikuni chilichonse choyandama. Munthu amene anakula akuuzidwa kuti asatunge madzi pamalo amodzi kawiri sangasiye mwambowo chifukwa cha mawu a mnyamata wovala chipewa chapulasitiki.

Anativeka majekete oyandamitsa ndi zipewa zolimba, natiphunzitsa kagwiridwe ka nkhafi ya mitu iwiri. Alamu sanamvetsere, poti iwo anayamba kupalasa bwato asanayambe sukulu. Koma bwato la mtengo ndi lolemera ndipo limamvera munthu wokhala kumbuyo, pomwe ili la mphira limakhala pamwamba pa madzi ngati chikho, ukangopalasa mwamphamvu mbali imodzi limazungulira pomwepo. Tinazungulira chotero kangapo, azimayi a m'bwato loyandikana nafe akutilangiza mokoma mtima.

Chigawo chino cha Vaal n'chosiyana ndi chimene tinaona ku Vereeniging. Mtsinje umagawikana pakati pa tizilumba tambiri ta miyala ndi mitengo ya misondodzi, madzi n'kumayenda mwakachetechete kwa kanthawi, kenako n'kutsetsereka mwaukali pakati pa matanthwe. Malo otsetsereka oterewa ali ndi mayina. Ena amatchedwa Big Daddy, ndipo ena Gatsien, dzina la Chiafrikaans limene wotitsogolera anakana kulimasulira pamaso pa azimayi, koma titatulukamo miyendo ili m'mwamba tinalimvetsa tokha. Apa ndi pamene patapata mmodzi wa alamu anapita osabwerera.

Tisanafike pamenepo mnyamata uja anali atatichenjeza kuti tikagwera m'madzi titseke pakamwa. Titaima pa kachilumba kena kuti tipume, ndinamufunsa chifukwa chake, ndipo yankho lake ndi limene ndakhala ndikulilingalira tsiku lonse. Madzi amene timamwa ku Joni amachokera mumtsinje womwe uno, koma kumtunda, ku damu la Vaal limene linamalizidwa mu 1938, ndipo ena mwa madziwo amachokera kutali ku mapiri a Lesotho, kumene damu la Katse limawasunga asanawatumize kudzera m'ngalande zapansi pa mapiri. Bungwe la Rand Water limawayeretsa n'kuwapopa kukwera mtunda mpaka afike m'mipopi yathu, popeza Johannesburg ndi mzinda waukulu umene sunamangidwe pa mtsinje waukulu kapena panyanja. Tikatha kuwagwiritsa ntchito, ife a kummwera kwa mzinda, madziwo amatsikira mumtsinje wa Klip, umene umathira mu Vaal ku Vereeniging, kumtunda kwa Parys. Kuonjezera apo, zonyansa za m'masuweji a matauni a m'dera limenelo zakhala zikutayikira mumtsinje kwa zaka zambiri, moti mu 2018 boma linatumizako asilikali kuti akathandize kukonza, ndipo mu 2021 bungwe loona za ufulu wa anthu m'dziko lino linatulutsa lipoti lodzudzula mkhalidwewo. Ndinayang'ana madzi amene anali akudontha m'malaya mwanga n'kuzindikira kuti mwina ena mwa iwo ndinachapira mbale ku Rosettenville milungu ingapo yapitayo.

M'malo ena odekha ndinaona namasupuni, yemweyo amene amasonkhana pa baraji ya Liwonde n'kumavutitsa makina a magetsi ku Nkula. Ndinamulozera mnyamatayo n'kumuuza dzina lake la kwathu, ndipo analibwereza kangapo mpaka analitha.

Za usiku ndilemba mawa. Pakali pano mapewa akuwawa ndipo alamu akundikoka kuti tikaone kumene kukuchokera phokoso.

Lamulungu m'mawa, Parys

Tinapita ku bala ina yaikulu ya m'mphepete mwa mtsinje, yokhala ndi thandala la matabwa lotulukira pamwamba pa madzi. Anthu anali odzaza. Panali gulu la anyamata ovala malaya ofanana amene anabwera kudzatsanzikana ndi mnzawo woti akwatira posachedwa, mkwatiyo atamuveka diresi ndi nsapato zazitali, iwo n'kumamugulira mowa mpaka miyendo inakana. Kwathu munthu woti akulowa m'banja amakhala pansi ndi ankhoswe n'kumalangizidwa, koma kuno zikuoneka kuti amayamba amuchititsa manyazi kaye. Mbali ina kunali atsikana ovala timikanda tonyezimira pamutu pa chifukwa chofananacho. Woimba nyimbo ankasinthasintha, akaika nyimbo za Chiafrikaans kumadzuka gulu lina n'kumavina awiriawiri mozungulira, akaika amapiano kumadzuka gulu lina, ndipo mowa utakwana magulu onse awiri anasakanikirana osadziwanso kuti nyimbo ndi ya yani.

Chimene chinandichitikira n'chaching'ono, koma ndichilemba momwe chinalili. Ndinaimirira pafupi ndi chitseko kudikira alamu, nditavala malaya anga akuda. Bambo wina akudutsa, osandiyang'ana kumaso, ananditambasulira matambula awiri opanda kanthu, ndipo ine ndinawalandira. Sindinaganize n'komwe. Manja anapita okha, mutu unawerama pang'ono monga umachitira kuntchito, ndipo ndinali nditayenda kale masitepe atatu kulowera ku kauntala pamene ndinakumbukira kuti ndili pa tchuthi ndipo ndalipira pakhomo monga iye. Sindikudziwa kuti ndikwiyire yani, bamboyo kapena manja angawa.

Amene anandilanda matambulawo anali woperekera zakumwa weniweni wa pamalopo. Anandithokoza m'Chingerezi, koma katchulidwe kake kanandiuza zonse, ndipo nditamuyankha kuti "Zikomo achimwene, ntchito ikuyenda?" anaima ngati wagundidwa. Ndi wa ku Nkhotakota, ndipo wakhala ku Parys zaka zinayi. Sakanatha kucheza chifukwa matebulo anali kumuitana, koma nthawi iliyonse akamadutsa ankatiponyera mawu amodzi kapena awiri, kufunsa ngati mvula yayamba kumudzi, ngati tili ndi ufa wa kwathu, ndiponso kuti kwacha ikusinthidwa bwanji ku Joni sabata ino. Nditamufunsa ngati anakwerapo mabwato aja, anaseka nati masiku amene mabwato amayenda ndi omwewo amene iye amagwira ntchito mpaka 2 koloko usiku, ndipo Lolemba akapuma amachapa ndi kugona. Mwana wa kunyanja, zaka zinayi akuona mtsinje kuchokera pa thandala, mbale ili m'manja. Pochoka ndinamusiyira ndalama yapamwamba yoposa imene ndikanakwanitsa, ndipo iye anaibweza theka mokakamiza, natiitana kuti lero tikadye kwawo ku Tumahole, lokeshoni ya ku Parys.

Tinabwerera kogona cha m'ma 1 koloko. Anyamata a ku Potchefstroom analowa cha m'ma 4, mmodzi anakwera pabedi la alamu molakwitsa, ndipo mawu amene alamu analankhula pamenepo sindingawalembe pano.

Lamulungu madzulo

M'mawa tauni inadzuka mochedwa. Mabelu a tchalitchi analira misewu ili pululu, koma cha m'ma 9 koloko kunalowa njinga zamoto zikuluzikulu zambirimbiri zochokera ku Gauteng, eni ake akudzadya kadzutsa n'kubwerera. Tinayenda kupita pa mlatho wolendewera pa zingwe zachitsulo, umene unamangidwa mu 1919 kuti anthu azioloka kupita pa chilumba chosewererapo gofu. Umagwedera ukamayendapo, ndipo alamu, amene dzulo ankadzitama ndi madzi, anagwira chingwe ndi manja onse awiri. Kutsidya kwa mtsinje ndi chigawo china, cha North West, popeza Vaal ndiye malire.

Ku Tumahole tinapita masana pa takisi, ulendo wa mphindi zochepa chabe. Anthu ambiri a ku Parys amakhala kumeneko, ndipo ndi kumene amachokera amene amayala mabedi, kuotcha nyama ndi kupopa mabwato a alendo. Misewu ina ndi yafumbi, nyumba zina ndi za boma zija za zipinda zochepa, zina ndi zamalata, ndipo paliponse tinakumana ndi azimayi ovala mayunifolomu a mipingo akuchokera kopemphera. Palibe chikwangwani cholozera mlendo kumeneko, ngakhale kuti malowa ali ndi mbiri yoposa ya nsimbi za makala. Mu Julaye 1984 anthu a ku Tumahole anaguba kukana kukwera kwa lendi, patatsala milungu yochepa kuti zipolowe zazikulu zibuke ku Sebokeng ndi ku Sharpeville mu Seputembala chaka chomwecho. Kunonso ndi kwawo kwa Stompie Seipei, mnyamata wa zaka 14 amene anaphedwa ku Soweto kumayambiriro kwa 1989, nkhani imene inadzamveka dziko lonse. Mayi wachikulire amene mnzathuyu amachita lendi kuseri kwa nyumba yake anatiuza kuti iye anali mtsikana masiku amenewo, ndipo anatilozera msewu umene anthu anadutsa. Sanafune kunena zambiri, ndipo ife sitinamuumirize.

M'chipinda cha mnzathuyo tinapezamo Amalawi ena atatu, awiri osamalira maluwa m'nyumba za m'mphepete mwa mtsinje zimene eni ake amabwera pa mapeto a sabata pokha, ndi mmodzi wogwira ntchito pa famu. Tinatulutsa ufa wathu ndi matemba otsala, ndipo m'chipindamo munagwa chete wa ulemu. Ufa wa kuno ndi woyera bwino koma nsima yake siigwirana ngati ya ufa woviika wa kwathu, ndipo aliyense wa iwo anali ndi maganizo ake pa nkhaniyi. Tinadya ndi manja pa mbale imodzi, chitseko chili chotsegula chifukwa cha kutentha. Mmodzi mwa osamalira maluwawo anati ntchito yake ndi yabwino, nyumba yonse imakhala yake masiku asanu, kungoti amakhala yekha ndi agalu awiri, moti Chichewa amachilankhula Lamulungu lokha. Atamva kuti tinalipira kuti tikwere mabwato, onse anatiyang'ana monga momwe alamu anandiyang'anira Lachinayi, ndipo alamu, amene tsopano asanduka katswiri, anayamba kufotokoza za Gatsien ndi manja ndi miyendo yomwe.

Pobwerera madzulo tinakumana ndi mzere wa magalimoto a GP ukutuluka m'tauni, mabwato ali kumbuyo.

Lolemba, Parys

Chipinda chatsala ndi ife awiri ndi atsikana a ku Germany aja, ndipo ndi iwo amene anatikopa kuti tisonkherane ndalama yolipira munthu wotionetsa mapiri a Vredefort. Ndinavomera monyinyirika, poganiza kuti miyala ndi miyala, koma tsiku la lero ndi limene ndidzalikumbukire kwambiri.

Wotitsogolera, bambo wachikulire amene anaphunzira za miyala, anatitengera pamalo okwera n'kutionetsa mapiri amene akuzungulira ngati uta kumpoto ndi kumadzulo kwa tauni. Anati zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo, chimwala cha mlengalenga chotalika makilomita osachepera 10 chinagwa pamalo ano, n'kusiya dzenje limene akatswiri ena amati linali lotambalala makilomita pafupifupi 300, lalikulu kuposa ena onse otere odziwika padziko lapansi. Dzenjelo silionekanso chifukwa mvula ndi mphepo zinalisalaza kalekale. Chimene chatsala ndi pakati pake, pamene nthaka inafufuma itamenyedwa, monga momwe madzi amadumphira m'mwamba ukaponyamo mwala, ndipo miyala imene inali pansi penipeni inatulukira pamwamba. Parys yamangidwa pa miyala imeneyo, ndipo matanthwe amene anatigubuduza Loweruka ndi omwewo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse.

Anatitengeranso pamalo pamene kale ankasemapo miyala yomangira. Pakhoma la thanthwe lofiirira pali mizere yakuda yokhala ndi zibulumwa za miyala ina m'kati mwake, ngati mtedza m'chigumu, ndipo anati umenewo ndi mwala umene unasungunuka pa kugundako n'kuumanso. Ndinaikapo dzanja. Unali wotentha ndi dzuwa basi, monga mwala wina uliwonse.

Kenako ananena chinthu chimene chinandikhudza ine mosiyana ndi anzathu aja. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti kugunda kumeneku ndiko kunapendeketsa miyala yokhala ndi golide n'kuikwirira pansi, motero inatetezeka osakokoloka, ndipo m'mphepete mwake ndi mmene munatulukira pa mtunda wa Witwatersrand, pamene golide anapezeka mu 1886 ndi pamene Johannesburg inamera. Atsikanawo analemba m'timabuku tawo. Ine ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene anabwera kuno pa Wenela, kukwera ndege ku Chileka mpaka ku Francistown kenako sitima, nagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka 1974, chaka chimene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Agogo anabwerera ndi njinga, wailesi, bokosi lachitsulo ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Nkhani za ku Joni zimene ankasimba pakhonde ndizo zinakopa malume anga, ndipo malume ndiwo ananditumizira ndalama ya basi. Ndinauza alamu kuti ngati bamboyu akunena zoona, ndiye kuti chimwala chimenechi ndicho chinatilembera ulendo tonsefe. Alamu anayang'ana mapiriwo, nati chikanagwera ku Machinga bwenzi a kuno ndi amene akubwera kudzapenta nyumba zathu.

Madzulo ndinakhala ndekha pa udzu m'mphepete mwa madzi kwa maola awiri osachita kanthu. Poyamba zinandivuta, chifukwa kwathu munthu amapita kumtsinje ndi chifukwa, kukachapa, kukawedza, kukamwetsa ng'ombe kapena kukaoloka, ndipo wongokhala pagombe amafunsidwa ngati kunyumba kuli bwino. Bambo wina anaima m'madzi ofika m'chiuno akuwedza nsomba zachikasu za mumtsinje uno, ndipo atagwira imodzi yaikulu bwino anaijambula n'kuibwezera m'madzi. Ndinatembenukira kumbali kuti asaone nkhope yanga.

Lachiwiri, Rosettenville

Ndinadzuka kusanache kuti ndikaone mtsinje komaliza. Pamwamba pa madzi panali nkhungu, ndipo pa thandala la bala ija azimayi awiri anali kukolopa, matumba a mabotolo ataunjikidwa pakhomo kudikira galimoto. Mnzathu wa ku Nkhotakota anabwera pa siteji ya matakisi kudzatiperekeza ngakhale kuti linali tsiku loti alowe ntchito masana, ndipo anatipatsa kathumba ka zovala za ana kuti tikapereke kwa munthu wa basi amene akupita kumudzi Loweruka. Tinagwirizana kuti akadzapeza Lolemba lopuma adzayese kufunsa ngati mabwato angayende, ndipo alamu analonjeza kudzamuphunzitsa.

Tafika kuno cha m'ma 2 koloko, takisi ya ku Vereeniging itatitsitsa m'tauni pakati pa phokoso limene ndinali nditaliiwala m'masiku anayi okha. Chikwama ndachipachika kuseri kwa chitseko, ndipo malaya akuda ndawachapa chifukwa mawa ndikulowa 11 koloko. Alamu ali panja akulankhula ndi chemwali anga pafoni, ndipo ndikumva kuti malo otsetsereka aja tsopano atalika ngati nyumba yosanja, ndiponso kuti amene anagubuduza bwato ndine. Chemwali akufunsa za patapata, popeza anawagula ndi iwo.